Madiresi Asanu a Chantelle

Shopu ya Ababa pamsika wa Kabwata ndi yopanikiza moti ukatambasula mikono umakhudza makoma onse awiri. Kutsogolo, pafupi ndi chitseko pomwe pamafika kuwala, pankakhala iwo ndi tebulo lodulirapo nsalu. Pakati pali makina awiri osokera. Kumbuyo kwenikweni, komwe mphepo sifikako, kunkakhala ine ndi simbi. Ndinakhala pakona imeneyo zaka khumi ndi chimodzi, kuchokera chaka chomwe ndinamaliza giredi 12 Amayi n'kumwalira mwezi wotsatira. Mlongo wanga Abdulla anapita ku koleji, pano ali ku Kitwe ndipo amatikumbukira pa Idi. Ine ndinauzidwa kuti ndithandize kaye, ndipo palibe anabweranso kudzandiuza kuti kuthandizako kwakwana.

Dzina langa ndine Mwanakombo, koma mu Lusaka muno ndani angalitchule lonse. Amangoti ba Kombo. Ababa ndi Che Abdulkadiri, telala amene anachoka ku Mangochi ali mnyamata, ndipo makasitomala amawatchula kuti ba Abdul. Kuyeza ndinkayeza ndine, kusoka tinkasoka tonse, kusita kunali kwanga ndekha. Kudula ndinkadziwa, ndinaphunzira poonerera ndi pa mayunifolomu a ana asukulu, koma nsalu ya munthu wamkulu ankadula ndi Ababa okha. Dzina lawo pamsikapo linali pa kudulako.

Sukulu ya Loweruka ndinaipeza pa foni. Bungwe lina ku Woodlands linkaphunzitsa akazi kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero chotchedwa Python, kwaulere, kwa masabata khumi ndi awiri, ndipo laputopu linkabwereketsa. Amene wamaliza n'kuonetsa pulogalamu yake ankamupezera malo ophunzirira ntchito ku kampani. Lamulo linali limodzi ndipo analiwerenga kawiri tsiku loyamba: ukajomba kawiri, ubweze laputopu, malo ako atenge wina, chifukwa odikira ndi ambiri. Tsono Loweruka ndi tsiku limene shopu yathu imadzaza. Ndinawachonderera Ababa masabata awiri, mpaka tsiku lina akuchotsa ulusi pa jekete anangoti, "Pita. Koma kompyuta sisita malaya."

Loweruka lachitatu ndinajomba. Magetsi anali atazima masiku atatu n'kuyaka m'mawa umenewo, mayunifolomu ali mulu, ndipo ndikanapita Ababa akanasoka okha mpaka msana kuthyoka. Kuchokera pamenepo ndinkayenda ndikudziwa kuti kujomba kwina kamodzi kokha, ndabwerera kukona kwanga basi.

Mphunzitsi wathu anali ba Kalaba, bambo wowonda wokonda kuyendayenda akamalankhula. Masabata oyamba zinkandiyendera. Zinthu zinavuta titafika pa mfundo ziwiri za Python zotchedwa kilasi ndi obujekiti. Ba Kalaba ankakonda magalimoto, ndiye chitsanzo chilichonse chinali cha galimoto.

"Kilasi si motoka iyai," ankatero. "Kilasi ni pulani ya motoka. Obujekiti ndiye motoka yamene mukwela. Mwamvela?"

Tonse tinkagwedeza mitu, bodza lokhalokha. Ine pulani ya galimoto ndinaionera kuti? Galimoto imene ndimaidziwa ndi minibasi ya ku Chilenje, ndipo sindikhulupirira kuti imeneyo inakhalapo ndi pulani. Ndinkabwerera kunyumba mutu uli gwa, ndikudzifunsa ngati Abdulla anatenga nzeru zonse za m'banja mwathu.

Zinanditsegukira Lachiwiri lina ndikusita. Ababa anatsitsa pa msomali pateni ya diresi la yunifolomu, ija anaidula pa pepala la thumba la simenti ine ndisanabadwe, n'kuiyala pa nsalu. Ndinaiyang'ana simbi ili m'manja. Pateni ndi imodzi, madiresi otuluka pamenepo ndi makumimakumi, ndipo pateniyo palibe angaivale. Ndinatsala pang'ono kuwotcha malaya a eni. Loweruka lake nditawauza ba Kalaba, anaomba m'manja n'kuuza anzanga kuti, "Ba Kombo bagwila. Iwalani va motoka, mvelani va pateni." Ndinakwera minibasi tsiku limenelo ndikumva ngati ndine ndinapanga Python.

Pulogalamu yanga yomalizira ndinasankha kuti ikhale ya shopu. Ndinalemba kilasi n'kuitcha Kasitomala. Dzina ndi nambala ya foni ndinaziika mkati, pamalo paja pamene obujekiti iliyonse imalandira zakezake, pomwe umayamba ndi kamawu koti self, kutanthauza mwiniwake. Ba Kalaba anatisonyeza choncho ndipo ndinatsatira. Koma pofika pa miyezo ndinaganiza ngati mwana wa telala. Pa mapateni a Ababa miyezo imalembedwa pa pateni pomwepo ndi pensulo, chifuwa chakuti, chiuno chakuti, kutalika kwakuti. Ndiye malo osungira miyezo ndinawaika pamwamba, pa kilasi penipeni. Ndinayesa polowetsa dzina langa ndi miyezo yanga, zinatuluka bwinobwino. Mawa lake ndinayesa ndi mtsikana wogulitsa tomato pafupi nafe, zinatulukanso. Kulowetsa anthu awiri nthawi imodzi sindinakuganizire n'komwe.

Sabata yachisanu ndi chinayi kunabwera ba Perpetua a ku Kabulonga, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene Ababa akhala akuwasokera zaka makumi awiri. Mwana wa mng'ono wawo ankakwatiwa, ndipo iwo ndi amene ankatsogolera komiti ya kichini pati, phwando lija la azimayi okhaokha lolangiza mkwatibwi. Azimayi a komiti amavala chitenje chofanana, ndipo anthu amabwera kudzaona zimenezo kuposa mkwatibwi. Anakhuthula pa tebulo zitenje zisanu ndi zinayi, zobiriwira za maluwa agolide.

"Ba Abdul, ivi vitenge vachokela ku Kasumbalesa," anatero. "Mu Lusaka yonse simuzavipeza, olo ku Kamwala. Nifuna ba komiti banga bakangena mu holo bantu baleke kudya."

Anagwirizana kuti ndipite kwawo Lamlungu masana, azimayi akachoka kutchalitchi, ndikawayeze onse pamodzi. Ababa anandipatsa buku lawo la miyezo, lija la chikuto chakuda cha mafuta a makina. Ndinalilandira ndi manja awiri n'kulisiya pansi pa tebulo la simbi. Ndinanyamula tepi ndi laputopu.

Kunena zoona ndinkafuna andione. Ndinakhala pakhonde la ba Perpetua laputopu ili pa katebulo kagalasi, ndikuyeza mayi mmodzi n'kulemba, wina n'kulemba, azimayi akusuzumira pa phewa langa. Wina anati mwana wa ba Abdul ndi wa dijito, enawo n'kuseka mosangalala. Ine ndi hijabu yanga ndinangoti phee ngati zimenezi ndimachita tsiku lililonse. Womaliza kufika anali Chantelle, mtsikana wa ku yunivesite, msuweni wa mkwatibwi, woonda moti tepi inatsala yambiri m'manja mwanga. Nditamulowetsa ndinauza pulogalamu isunge mapepala onse asanu ndi anayi, n'kutseka laputopu. Pa pepala lenileni sindinalembe nambala ngakhale imodzi.

Lachisanu, Ababa ali kumzikiti, ndinakasindikiza mapepalawo pa kashopu ka mafotokope kuseri kwa msika. Mayina anatuluka akuluakulu pamwamba, onse olondola. Ndinamata pepala lililonse pa chitenje chake ndi pini, ndikusirira mmene zinkaonekera zaudongo. Manambala sindinawawerenge. Ndinali nditawalemba ndekha, ndiye ndiwawerengerenji.

Apa ndiyenera kunena kanthu kena kuti musandiweruze msanga, ngakhale mundiweruzabe. Loweruka lililonse Ababa ankandiimbira foni ndili kusukulu. Bobini ya ulusi wakuda waika kuti. Mayi wa siketi yofiira anati abwera nthawi yanji. Simbi ikuchita phokoso. Zonsezo ankazidziwa bwino, ankangofuna ndizikumbukira kumene ndine wake. Ndiye Loweruka lachikhumi, foni itanjenjemera ba Kalaba ali pakati pofotokoza mmene kilasi ina imatengera zinthu kwa inzake, ndinatuluka panja nditakwiya kale.

"Mwanakombo, azimayi awa ndi mapasa?"

"Bwanji, Ababa?"

"Ndadula awiri, manambala ndi amodzimodzi. Wachitatuyu ndi yemweyonso."

"Ni bantu ba banja imodzi, Ababa. Dulani chabe mwamene valembedwela. Kompyuta siilakwisa."

Pa foni ndinkamva wailesi ya wogulitsa makala chapatali.

"Amene unawaona ndiwe," anatero. "Chabwino."

Ndinabwerera pampando wanga ndikung'ung'udza mumtima. Azimayi aja ndinawagwira ndi manja angawa, ndinkadziwa kuti ena ndi aakulu kawiri kuposa Chantelle. Koma mawu a Ababa sindinawamve ngati funso la telala. Ndinawamva ngati chingwe chondikokera kushopu, ndipo ndinachikana osachiyang'ana.

Titapuma n'kumwa tiyi, ba Kalaba anati aone mapulogalamu athu pakhoma, mmodzimmodzi, popeza kunatsala masabata awiri. Ndinakweza dzanja woyamba. Analumikiza laputopu yanga, n'kuyamikira mayina amene ndinapatsa zinthu, kenako anati tiyese. Analowetsa dzina lawo ndi chiuno cha 30. Analowetsa dzina la Kayla, mnzathu wonenepa wokonda nthabwala, amene anafuula yekha kuti alembe 44 asaope. Atauza pulogalamu ionetse onse awiri, pakhoma panatuluka Kalaba 44, Kayla 44. Anzanga anaseka, ba Kalaba n'kudzigwira m'chiuno ngati akufufuza kumene kwapita nyamayo.

"Osadandaula ba Kombo, iyi mistake aliyense amaichita," anatero. "Onani. Miyezo mwaiika pa kilasi, so bonse basebenzesa bokosi imodzi. Wa last kulemba afafaniza va banzake."

"Koma pa pateni ndiye pamene timalemba miyezo," ndinatero, mawu akutuluka okha.

"Apa peve iyai. Kilasi ikamba chabe kuti muntu ali na chifuba, ali na chiuno. Manambala ni ya mwine."

Anachotsa mzere umodzi pamwamba, n'kuutsitsira mkati, n'kuika self kutsogolo kwake. Anayesanso. Kalaba 30, Kayla 44. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Anatembenuka akumwetulira kuti aone ngati ndamva, koma ine ndinali nditaimirira kale ndikukoka chingwe cha laputopu. Womaliza kulembedwa pa khonde lija anali Chantelle.

Dzina ndinali nditalembetsa m'mawa, ndiye tsikulo silinawerengedwe ngati kujomba. Ndinathamangira pa siteji ndikuimba foni. Inkalira mpaka kuduka. Ndinkaiona m'maganizo, ili m'thumba la jekete pa msomali, Ababa atawerama pa tebulo. Minibasi ndinaipeza ili ndi anthu anayi, kondakitala atatsamira chitseko akutokosa m'mano. Ndinamupempha kuti tinyamuke.

"Ba sister, motoka siyenda na mphepo," anatero. "Tiyembekeze bantu."

Anandikankhira mpando wakumbuyo, pawindo losatseguka, pambali panga mayi wa beseni la nsomba zouma. Titadzaza n'kunyamuka, tinakumana ndi mdipiti wa magalimoto a maliro, ndipo dalaivala anaima mwaulemu mpaka yomaliza itadutsa. Ndinaimba kakhumi ndi kamodzi. Kutsika sindikanatha, anthu atatu ndi beseni anali pakati pa ine ndi chitseko, ndipo ngakhale ndikanatsika, wapansi sindikanafika msanga. Ndinangokhala, laputopu ikundiwotcha pamiyendo, ndikuwerenga mumtima nthawi imene Ababa amatenga kudula diresi limodzi.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wa makina, manja ali pa mawondo. Pa tebulo panali timilu tisanu ta nsalu yodulidwa, topindidwa bwino, kalikonse ndi pepala lake pamwamba. Zitenje zinayi zinali pambali zosakhudzidwa.

"Ndinaima pa lachisanu ndi chimodzi," anatero osandiyang'ana. "Dzina ndi la Mayi Perpetua. Thupi la mayi amenewa ndalisokera zaka makumi awiri. Chiuno cha 26 alibe, ndipo ndikukayika ngati anakhalapo nacho."

Ndinawafotokozera zonse, za bokosi limodzi, za womaliza amene amafafaniza anzake, za buku lawo limene linali pansi pa tebulo la simbi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatambasula kachidutswa kamodzi n'kukayang'ana pa kuwala. Diresi lalikulu umalibweza, aliyense amadziwa. Laling'ono ulibe poligwira. Limodzi mwa asanuwo likanamukwana Chantelle mwiniwake, popeza chitenje n'chofanana, koma anayi enawo analibe mwini. Zotsalira zinali timizere tosakwana ngakhale mkono.

Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna anene kuti ndinakuuza, aponye laputopuyo mu ngalande, kuti nanenso ndipeze poyankhira. Iwo anangopinda kachidutswako n'kunena kuti mawa tipita ku Kabulonga.

Lamlungu anavala mkanjo wawo woyera ndi kofia. Mu minibasi ndinkakonza mawu anga. Ndinati ndikafika ndigwada, ndinena kuti ndine, pulogalamu ndi yanga, Ababa anandichenjeza ine n'kuwakana. Mlonda anatitsegulira geti, agalu akuuwa kuseri kwa nyumba. Ba Perpetua anatilandira pakhonde lomwe lija, akadali ndi zovala za kutchalitchi, ndipo ataona chikwama cha nsalu nkhope inasintha. Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. Ababa anandipitirira.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Mwanayu anayeza bwino ndipo analemba bwino. Ine maso akalamba. Ndinawerenga pepala limodzi kasanu."

Anayala zidutswazo pa katebulo kagalasi. Ba Perpetua anazinyamula chimodzichimodzi, n'kuika china pa chifuwa chawo, pomwe chinangobisa theka. Anayankhula kwa nthawi ndithu. Anatchula Kasumbalesa, anatchula mlamu wawo amene anagona pa boda masiku awiri chifukwa cha zitenjezo, anatchula azimayi a komiti ya chaka chatha amene akungodikira kuti aseke. Ababa anaweramitsa mutu, kofia ili m'manja, bambo amene pamsika ngakhale a khansala amayamba ndi iwo kupereka moni. Ine ndinali pambali pawo. Mpata wolankhula unalipo, osati kamodzi. Ndinkangoona azimayi aja akusuzumira pa phewa langa, ndipo ndinachita mantha kuti aseka. Chifukwa chake chinali chimenecho basi, china ndilibe.

Mkwiyo wawo utatha kunabwera chisoni, ndipo chisonicho ndi chimene chinatipweteka.

"Ba Abdul, nkhalani pansi," anatero mofatsa. "Mwasebenza maningi. Ba tate banga naonso menso yanayamba so. Manje tizachita bwanji?"

Ababa anafotokoza zimene anaganiza. Tigule nsalu yakuda yopanda maluwa, tiike m'mbali mwa madiresi onse asanu ndi anayi kuchokera kukhwapa mpaka pansi, kuti anayi owonongekawo akule ndipo onse afanane ngati ndi sitayilo. Ba Perpetua anaganiza, n'kuvomera. Kenako anandiloza ndi chala.

"Koma adule ni uyu. Imwe ba Abdul osagwilako, napapata. Nizauza bonse bapitile pa shopu mu week abapime futi. Pa Saturday tizabwela bonse kuyesa, ndaba pa Sunday tili na chilanga mulilo, tipeleka vakudya kwa bapongozi. Ba Kombo, pa Saturday munkhalepo. Nifuna imwe, osati bena."

Ndinati inde. Ndi mawu okhawo amene ndinalankhula pa khonde limenelo.

Tinayenda wapansi kupita ku siteji, m'mbali mwa mipanda italiitali ya mawaya amagetsi. Msewu wa ku Kabulonga Lamlungu umakhala zii, umangomva nsapato zako. Titadutsa mageti atatu ndinawatembenukira.

"Ababa, mwanama."

"Ndanama. Ndikapepesa kwa Allah, zimenezo ndi zanga."

"Nibwelele nikabauze."

"Ukawauze chiyani? Kuti tinasiya buku n'kukhulupirira makina? Telala akakalamba anthu amamumvera chisoni. Koma iwe ukadali mwana. Akamva zimenezo, mawa msika wonse udziwa, ndipo sadzakupatsanso ngakhale chigamba. Kusukulu kwakonso azikuloza." Anaima n'kuvala kofia. "Loweruka pita kusukulu kwako. Ine ndiona chochita."

Lolemba ndinawalembera ba Kalaba kuwapempha kuti andilole ndijombe kamodzi kena. Anandiimbira okha. Anati amvetsa, anati pulogalamu yanga ndi imodzi mwa zabwino, koma kaundula sasunga iwo, ndipo mwezi wathawo anachotsa mayi wina amene mwana wake anagonekedwa m'chipatala. Anati ndiyesetse ndifike ngakhale mochedwa, bola isanakwane teni koloko. Ndinawathokoza.

Nkhani ya maso a Ababa inafika pamsika ife tisanatsegule shopu. Ba Perpetua anailemba pa gulu la komiti pa foni, mwachifundo ndithu, ndipo mmodzi wa komitiyo ali ndi mng'ono wake wogulitsa mafiriji ku Kabwata komweko. Wogulitsa makala anabwera kudzawauza Ababa za dokotala wina wa maso. Mayi wina amene anasiya suti ya mwamuna wake anabwera kudzafunsa, monong'ona, ngati ndingaidule ine. Ababa ankayankha onse mwaulemu kuti zikomo. Munthu amene amalowetsa ulusi pa singano kamodzi kokha, popanda magalasi, ankalola kuti amugwire dzanja pomutsitsa pa sitepe.

Azimayi a komiti ankabwera mmodzimmodzi, ndipo ndinkawayeza ndi kulemba m'buku lakuda. Ndinkadula ndine, kutsogolo, pa kuwala. Ababa anasamukira kumbuyo ndi simbi, chifukwa aliyense wodutsa ankasuzumira kuti aone amene wagwira sizasi. Pakakhala palibe munthu ankabwera kudzaima pambali panga n'kundiuza motsitsa mawu kuti apa siya malo a msoko, apa maluwa akumane. Wina akangoti odi, ankabwerera msanga. Zaka zonsezi ndinkasirira tebulo limenelo chifukwa cha kamphepo kake. Sabata imeneyo ndinkadula thukuta likutsika, ndipo sindinkatha kutembenuka kuyang'ana kumbuyo.

Pofika Lachisanu madzulo madiresi onse anali olumikizidwa, ongodikira kuyesa. Nsalu yakuda ija inakhala bwino kuposa mmene tinkayembekezera. Ababa anabwerezanso kuti ndipite. Anati kuyesa diresi ndi mapini ndi choko basi, azimayiwo akadzafika adzawauza kuti ndatuluka pang'ono, adzadandaula kenako adzavala.

Loweruka ndinavala hijabu yanga yabwino, ndinaika laputopu m'chikwama. Pulogalamu inali itakonzeka, ndinali nditaiyesa ndi anthu makumi awiri ongopeka, aliyense ndi chiuno chake. Tinachoka limodzi kwathu ku Chilenje, ndipo ndinati ndingowathandiza kutsegula ndi kupachika madiresi, kenako ndikwere ya ku Woodlands. Hafu pasiti eyiti ndinali pakhomo chikwama chili paphewa.

Woyamba kufika anali mayi wina wamfupi wa komiti, mphunzitsi wa ku Libala, amene anati wafulumira kuti apewe mzere. Ababa anamulonjera, anatsitsa diresi lake, n'kumusonyeza kuseri kwa katani. Atatuluka atavala, phewa limodzi linali lotsika pang'ono. Ababa analiona iye asanafike n'komwe pagalasi. Anatenga choko n'kuyandikira.

Mayiyo anabwerera m'mbuyo, n'kuphimba phewalo ndi dzanja.

"Iyai ba Abdul, osavutika. Ba Kombo balipo."

Ananena mokoma mtima, akumwetulira. Ababa anayang'ana choko chija, n'kuchiika pa tebulo pang'onopang'ono. Kenako anaika manja kumbuyo ngati mwana amene wauzidwa kuti asakhudze za m'sitolo. Anatembenukira kwa ine.

"Pita, uchedwa," anatero.

Panja galimoto ya ba Perpetua inali ikufunafuna poima, mitu inayi ikuoneka mkati. Kutsidya kwa msewu kondakitala ankaitana a ku Woodlands. Palibe anandigwira dzanja, palibe anatseka chitseko. Ndinawakwiyira Ababa m'mawa umenewo kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, ndipo ndinalibe mlandu ngakhale umodzi woti ndiwanenere. Ndinatsitsa chikwama n'kuchikankhira pansi pa tebulo.

"Imililani mushe, ba mayo," ndinatero kwa mphunzitsi uja. "Manja pansi."

Itatsala pang'ono teni koloko foni inanjenjemera m'thumba la diresi langa. Inasiya, n'kuyambanso. Ndinali nditagwada pa simenti ndikupinda mpendero wa ba Perpetua, mapini ali m'kamwa, azimayi ena asanu akudikira pa benchi.

"Yankhani foni, ba Kombo," anatero ba Perpetua ali pamwamba panga. "Kapena ni bachibwenzi."

Azimayi anaseka. Ndinapukusa mutu, n'kuwapempha ndi dzanja kuti atembenuke ndione kumbuyo.